MBIRI YA OYENDERA NCHITO M'CIGWA CA LUANGWA

M'nkhani ino ndifuna kufotokoza mbiri ya anthu a Boma amene nchito yao ndiyo kuyendera malo a nchito, kukaona ngati olemba anthu alikusunga malamulo. Anthu ambiri amawachula kuti a Leba. Ndidzanena makamaka za kwathu kuno ku Cigwa ca Luangwa, dziko la Akunda, kumene kuli bwalo la ndege la Mfuwe m'boma la Mambwe. Koma popeza anthu a m'cigwa muno akhala akuyenda kutali kukafuna ndalama kuyambira masiku a agogo athu, nkhaniyi idzatitengera ku Fort Jameson, ku Halale ndi ku migodi ya mkuwa, ndipo pambuyo pace tidzabwerera kwathu.

Ine ndine kalaliki wa Boma, ndipo zaka zambiri ndakhala pakati pa mapepala. Cimene ndapeza powerenga zolembedwa zakale ndi pofunsa akuluakulu ndi ici: malamulo osunga wanchito analembedwa kale ndithu, koma anali kugona m'mabuku cifukwa panalibe munthu wopita kukaona ngati alikutsatidwa. Mbali ya lamulo yolanga wanchito yokha ndiyo sinagone ngakhale tsiku limodzi. Owerenga adziweruzire okha ngati ziri tero.

NCHITO YA M'MUDZI MASIKU AKALE

Azungu asanafike, kugwirira munthu wina nchito kunalipo, koma kunalibe malipiro a pamwezi. Mwini munda akafuna cithandizo anali kufulula mowa naitana anansi ku dima. Mkamwini anali kulimira apongozi ace, ndipo alenje akapha njobvu anali kupereka mnyanga wapansi kwa mfumu mwini dziko. Zonsezi zinali ndi malamulo ace osalembedwa, ndipo woyang'anira malamulowo unali mudzi wonse. Munthu woumira amene anaitana dima nafulula mowa wocepa, caka cinaco anali kulima yekha. Apongozi akamzunza mkamwini, ankhoswe anali pafupi. Wogwira nchito ndi womgwiritsa anali kumwa pa citsime cimodzi, ndipo manyazi okha anali kukwanira kuongola munthu. Pano sindikunena za akapolo, amene analibe wowanenera. Imeneyo ndi nkhani yina.

Nchito ya ndalama itafika zinthu zinasintha. Wolemba nchito anali mlendo, wosamva cinenero, wosaopa mfumu ya m'mudzi, ndipo wanchito anali kutali ndi abale ace. Pamenepo manyazi analibenso mphamvu, ndipo panafunika diso lina. Izi sizinacitike kwathu kokha ai. Ku England komwe, kumene ana aang'ono anali kugwira nchito m'nyumba zoombera nsaru kuyambira mbandakuca mpaka usiku, malamulo oyamba owateteza sanathandize kanthu kufikira caka ca 1833, pamene Boma linasankha amuna 4 oti aziyendera nyumbazo. Mwambo wa oyendera nchito unayambira pamenepo.

MSONKHO NDI MTENGATENGA

Mu 1895 kunapangidwa kampani yochedwa North Charterland, imene inati iri ndi malo okwana masikweya mailo 10,000 m'dera la Fort Jameson ndi Petauke, potsata kalata imene Mzungu wa ku Germany, Carl Wiese, anati analandira kwa Mpezeni. Mu January 1898 Angoni anagonjetsedwa ndi asilikali a Angerezi, ndipo mu 1899 Robert Codrington anakhazika Boma pa Fort Jameson, pamene lero tikuti Chipata. Pofika 1901 nyumba iri yonse inali kupereka msonkho wa masheleni 3 pacaka, ndipo msonkhowo unakwerakwera m'zaka zotsatira.

M'cigwa munalibe njira yopezera masheleni amenewa. Ng'ombe sizikhala kuno cifukwa ca nchenche za kashembe, ndipo Azungu a minda anakonda kumtunda kozizira. Kuonjezera apo, ca m'ma 1908 kunapezeka nthenda ya kaodzera, ndipo mu 1910 madokotala a ku Liverpool anazindikira kacirombo ka mtundu watsopano m'mwazi wa Mzungu wina amene anatenga nthendayo m'cigwa muno. Boma linatseka mbali zina za cigwa, niliretsa anthu kuyenda mwaufulu. Cotero dziko la mafumu Nsefu, Jumbe, Kakumbi, Mnkhanya, Malama ndi Msoro linasanduka dziko lotumiza anthu kunja, ndipo nchito yokha yapafupi inali ya mtengatenga.

Mtengatenga anali kusenza katundu wolemera mapaundi ngati 50 kapena 60, kapena kunyamula Mzungu pamacila. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amuna ambiri a dera lino anatengedwa mokakamiza kukasenzera asilikali cakudya ku malire a kumpoto, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Panalibe woyendera wina ali yense wowafunsa za umoyo wao, pakuti wowagwiritsa nchitoyo linali Boma lomwe. Kodi munthu akadandaula kwa yani pamene womlakwira ndiye mwini bwalo?

LAMULO LA BWANA NDI WANCHITO

Mu 1911 maiko awiri a kum'mawa ndi kumadzulo anaphatikizidwa nakhala Northern Rhodesia, ndipo likulu linali ku Livingstone. Mu 1912 kunaturuka lamulo lochedwa Masters and Servants Proclamation, ndiko kuti lamulo la bwana ndi wanchito. Kampani ya British South Africa itasiya ulamuliro mu 1924, Boma la Mfumu ya ku England linakonzanso lamuloli mu 1929, nilicha Employment of Natives Ordinance.

Munthu akawerenga malamulo amenewa mofulumira akhoza kunena kuti anali abwino. Anati wolemba nchito apereke malo ogona, apereke phoso, asamale wanchito akadwala, ndipo alipire monga anapangana. Koma m'malamulo omwewo munali mau akuti wanchito akacoka pangano lisanathe, kapena akajomba, kapena akakana lamulo la bwana wace, wapalamula mlandu wofika nao kundende. Kuyambira 1929 kunabweranso citupa, ndipo munthu wothawa sanali kubvuta kumpeza.

Tsono taonani m'mene mbali ziwirizi zinali kuyendera. Wanchito akathawa, bwana anali kulemba kakalata kamodzi ku Boma, ndipo amesenjala anali kunyamuka tsiku lomwelo, cifukwa iwo analipo ambiri ndipo anali kudziwa mudzi uli wonse. Koma bwana akamana anthu phoso, panafunika Mzungu wa Boma kuti apite yekha ku munda, akaone nkhokwe, akawerenge mabuku. Mzungu ameneyo anali Bwana D.C. kapena womthandiza, yemwe analinso wokhometsa msonkho, woweruza milandu, wowerenga anthu ndi woyang'anira miseu. Akapeza mpata woyendera munda wa fodya, mbiri ya ulendo wace inali kufika iye asanafike. Akuluakulu amene anagwirako nchito m'minda ya ku Fort Jameson anandiuza kuti tsiku lotero komboni inali kusesedwa, ndipo anthu anali kufunsidwa madandaulo ao ataima pamzere, bwana ndi kapitao ali pomwepo. Ndani akanatsegula pakamwa?

Cida cacikuru copondereza wanchito cinali tikiti. Tikiti inali ndi mabokosi 30, ndipo munthu anali kulandira malipiro mabokosi onse atadzaza. Kapitao ndiye anali kuconga tsiku liri lonse, koma akaona kuti ndime sinathe anali kukana kuconga, ndipo thukuta la tsikulo linali kupita pacabe. Ku migodi ya kum'mwera tsiku lotere ankalichula kuti lofa. Cotero tikiti imodzi inali kutha masiku 35 kapena 40, mwina kuposa. Ndipo popeza anthu ambiri sanali kudziwa kuwerenga, umboni wonse unali m'manja mwa wolemba nchito.

Pakati pa zaka za m'ma 1920 fodya wa ku Fort Jameson anakwera mtengo, ndipo minda inacuruka. Mu 1928 mtengo unagwa, nasiya Azungu ambiri m'ngongole. Caka comweco anthu anayamba kusamutsidwira m'malo opanikizika ochedwa malizevu, kuti malo abwino atsalire Azungu amene ambiri a iwo sanabwere konse. Boma linagula malo a North Charterland mu 1941 litaona kuti nthaka ya m'malizevu yaguga. Pa zaka zonsezi malipiro a m'minda ya fodya anali apansi kwambiri poyerekeza ndi a kum'mwera, ndipo akazi ndi ana omwe anali kugwira nchito yothyola ndi kusankha fodya. Anthu athu, posowa wowamvera, anaweruza mlanduwo ndi mapazi ao.

ULENDO WA KUM'MWERA

Ena anapita okha wapansi, kudzera m'dziko la Apwitikizi, naoloka Zambezi kunka ku Halale. Ena analembedwa ndi bungwe lochedwa Rhodesia Native Labour Bureau, limene anthu analicha Cibalo, cifukwa munthu wolembedwa kumeneko sanali kusankha kopita. Anali kutumizidwa ku migodi ndi minda imene anthu odziwa anali kuithawa. Ku Southern Rhodesia kunali oyendera makomboni a m'migodi, koma anali owerengeka, ndipo anchito ambiri anali kufa ndi cibayo ndi matenda obwera cifukwa ca cakudya coperewera. Ku Joni imfa za anthu ocokera ku maiko otentha zinacuruka kotero kuti mu 1913 Boma la kumeneko linaletsa Wenela kulemba anthu a kumpoto kuno, ndipo ciletsoco cinakhala zaka ngati 20.

Mu 1936 maboma atatu a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland anapangana ku Salisbury za kasamalidwe ka anchito oyenda, ndipo panganolo linakonzedwanso mu 1947, pamene anati mbali ya malipiro izisungidwa kuti munthu akailandirire kwao. Ndi m'zaka zomwezi pamene kunayamba magalimoto a Ulere. Zimenezi zinathandiza pang'ono, koma colinga cace cacikuru cinali kugawana anchito ndi kucepetsa machona, kuti msonkho usasowe kumudzi.

MWAZI WA KU MIGODI

Cimene cinadzutsa Boma kutulo ndi sitalaka. Mu May 1935 msonkho wa anthu a ku migodi ya mkuwa unakwezedwa modzidzimutsa kucokera pa 12s. 6d. kufika pa 15s. Anchito analeka nchito ku Mufulira, ku Nkana ndi ku Luanshya, ndipo pa 29 May apolisi anaombera anthu ku Luanshya napha 6. Pofufuza pambuyo pace kunaoneka kuti madandaulo a malipiro, phoso ndi kunyozedwa anali akale, koma Boma silinawadziwe cifukwa linalibe munthu womvera anchito.

Mu 1938 kunaturuka lipoti la Major Orde Browne, amene kale anali mkuru wa za nchito ku Tanganyika. Iye anayenda m'dziko lino naona makomboni, ndipo analangiza kuti pakhale ofesi yapadera ya za nchito, yokhala ndi anthu ace, cifukwa ma D.C. analibe nthawi. Boma linabvomera koma linacedwa. Mu March 1940 anchito a Cizungu a ku migodi anacita sitalaka nalandira zimene anapempha. Anthu akuda ataona izi nawonso analeka nchito ku Nkana ndi ku Mufulira, ndipo pa 3 April asilikali anaombera ku Nkana. Anthu 17 anamwalira. M'caka comweco ca 1940 ofesi ya Leba inayamba nchito, ndipo mkuru wace woyamba anali Bwana R. S. Hudson. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka; koma anthu amene anafawo ndiwo anagulira dziko lino oyendera nchito.

Komatu oyendera oyambawo anaikidwa kumene kunali mkuwa, pakuti inali nthawi ya nkhondo ndipo Angerezi anali kuufunitsitsa. Madera akutali ndi njanji anatsala m'manja mwa D.C. monga kale. Ndiponso mu 1942 Boma lomwelo linayamba kugwira anthu mokakamiza kukalima m'minda ya Azungu ya m'mbali mwa njanji, ndipo gulu la anchito a Boma lochedwa African Labour Corps linakhalapo kufikira 1952. Dzanja limodzi linali kuteteza, lina linali kugwira.

Ku migodi zinthu zinasintha msanga anchito atapanga bungwe lao. Mu 1947 kunabwera William Comrie wocokera ku Britain kudzaphunzitsa za mabungwe a anchito, ndipo mu 1949 kunabadwa bungwe la anchito a m'migodi lotsogozedwa ndi Lawrence Katilungu. Pamenepo woyendera sanalinso yekha. Anapeza anthu mkati mwa komboni odziwa kulemba madandaulo ndi kusunga masiku. Zoonadi mutu umodzi susenza denga.

NCHITO IFIKA M'CIGWA

Tsopano tibwerere kwathu. Mu 1938 Boma linapatula malo akuru a m'cigwa kuti akhale a nyama. Mu 1950 Norman Carr, amene poyamba anali wowombera njobvu zoononga minda, anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kuti alendo azibwera kudzaona nyama m'dziko lace, ndipo ndalama zolipira alendowo zizilowa m'thumba la mfumu ndi anthu ace. Ici ndico ciyambi ca makampu a alendo. Mu 1972 malo a kutsidya kwa mtsinje anachedwa South Luangwa National Park, kukula kwace masikweya kilomita 9,050. Pakati pa zaka za m'ma 1970 kunamangidwa bwalo la ndege la Mfuwe, ndipo mu 1995 linaloledwa kulandira ndege zocokera kunja kwa dziko.

Motero dziko limene kwa zaka 70 linali kutumiza ana ace kunja linayamba kukhala ndi nchito pakhomo. Lero kuyambira pa bwalo la ndege kufika pa mlatho wolowera kumalo a nyama, mtunda wa makilomita oposa 20, pali masitolo, nyumba zogona alendo, magalaja ndi misika. Ndipo m'mbali mwa mtsinje muli makampu. M'menemo muli ophika, operekera cakudya, ocapa, alonda, amakanika, oyendetsa magalimoto, operekeza alendo m'chire, ndi omanga nyumba za udzu.

Nchito ya m'cigwa iri ndi khalidwe lace limene wolemba malamulo wa ku Lusaka sangalione ali pampando. Imayenda ndi nyengo. Makampu ambiri a m'chire amamangidwa mvula ikatha, natsegulidwa ca mu May kapena June, natsekedwa mvula ikayamba mu November. M'dzinja njira zimasanduka matope ndipo Luangwa amasefukira. Wanchito amagwira miyezi 5 kapena 6, nabwerera kumunda, osadziwa ngati caka camawa adzamuitananso. Munthu wotere saneneza bwana wace msanga, cifukwa amadziwa kuti dzina lace likhoza kusowa pa ndandanda ya caka cinaco popanda wina womcotsa nchito. Ndipo mlendo wocokera ku London amatsika ndege nafika pa kampu dzuwa lisanalowe, pamene woyendera wocokera ku Chipata, mtunda wa makilomita oposa 100, ayenera kupeza galimoto ndi mafuta, ndipo akacedwa miyezi iwiri amapeza mitengo yokha pamene panali kampu.

MALAMULO A ZAMBIA

Dziko litalandira ufulu pa 24 October 1964, lamulo lakale linalowedwa m'malo ndi Employment Act ya 1965, ndipo mu 1966 kunabwera lamulo la mafakitale. Mu 1982 kunakhazikidwa lamulo la malipiro ocepetsetsa. Kuyendera kunagawidwa: a Leba amaona za malipiro ndi mapangano, ena amaona za makina ndi ngozi, ena za migodi, ndipo a NAPSA ndi a thumba la cipukuta misozi ca obvulala pa nchito ali ndi oyendera aoao. Koma ngozi zazikuru zinaonetsa kuti malamulo okha sachinjiriza munthu. Pa 25 September 1970 matope analowa mu mgodi wa Mufulira napha anthu 89. Mu April 2005 nyumba yopangira zophulitsira miyala ku Chambishi inaphulika, nafa anthu oposa 40, ambiri a iwo olembedwa mwaganyu. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inaletsa kulemba munthu mwaganyu pa nchito imene iri yokhalitsa.

Maiko a dziko lapansi anali atagwirizana kale, mu 1947, pa pangano la nambala 81 la bungwe la ILO, lofotokoza mphamvu za woyendera. Zambia inalowa m'panganoli mu 2013. Mfundo zace zikuyankha zolakwa zonse zimene taziona m'mbiri yathu. Woyendera alowe pa malo a nchito nthawi iri yonse, usana kapena usiku, osayamba wadziwitsa. Afunse wanchito payekha, bwana palibe. Aitanitse mabuku a malipiro nawawerenge. Asaulule dzina la munthu amene anadandaula. Asakhale ndi phindu liri lonse m'malo amene akuyendera. Ndipo Boma limpatse njira yoyendera. Mfundo yotsirizayi ndiyo yakhala yobvuta, pakuti kwa zaka zambiri kudandaula kwa ofesi ya Leba kwakhala kumodzimodzi: anthu ocepa, magalimoto ocepa, mafuta osakwanira.

Mu 2019 malamulo angapo akale anasonkhanitsidwa m'lamulo limodzi, Employment Code Act. Lamuloli linazindikira nchito ya nyengo monga mtundu wace wa pangano. Linati pangano la miyezi 6 kapena kuposa likhale lolembedwa. Linati nchito ya mlungu umodzi ikhale maora 48, ndipo opitirira alipidwe padera. Linapatsa wanchito wokhalitsa pa nchito masiku 2 a chuthi pa mwezi, ndi mai woyembekezera milungu 14. Linasunganso mfundo yina yakale ya mu 1965 imene anthu ambiri saidziwa: ngakhale pangano liri la pakamwa, wolemba nchito ayenera kulemba m'buku zimene anapangana napatsa wanchito pepala lace, ndipo akalephera kuonetsa colembedwaco, mau a wanchito ndiwo amalandiridwa monga umboni kufikira bwana atatsimikiza kuti si tero. Apa tikiti yakale yatembenuzidwa: kusowa kwa pepala tsopano kumagwera wolemba nchito.

ZIMENE NDAONA PA BOMA

Sindifuna kuti wina aganize kuti olemba nchito onse a m'cigwa ndi oipa. Alipo ambiri amene amalemba mapangano, amalipira pa tsiku lace, amapereka za NAPSA, ndipo ena anayesetsa kusunga anthu ao mu 2020, pamene mliri wa Covid unaimitsa ndege ndipo makampu anakhala opanda alendo. Oterewa woyendera ndi bwenzi lao, cifukwa wobera anchito amatsitsa mitengo nalanda malonda a munthu woona mtima. Madandaulo ambiri amene ndawamva acokera m'malo aang'ono: kasitolo, malo omwera mowa, womanga amene watenga nchito ya miyezi itatu nasowa, ndi m'nyumba za anthu.

Tsiku lina anafika bambo wina amene anati anagwira ulonda pamalo pena zaka 4, nacotsedwa wopanda kanthu. Analibe pepala liri lonse, sanali kukumbuka mwezi umene anayamba, ndipo anakhala kumudzi pafupifupi caka asanabwere, poganiza kuti mlandu suola. Mwambi umenewu ngwoona pa bwalo la mfumu, koma ku khoti la za nchito lamulo linaika masiku 90 operekera dandaulo, ndipo wocedwa ayenera kuyamba wapempha cilolezo. Wa Leba anayesa kumthandiza, koma anaturuka ndi zocepa. Nthawi yina anafika mai wocapa zobvala, atanyamula kabuku ka mwana wa sukulu m'mene analemba tsiku liri lonse limene anagwira ndi ndalama iri yonse imene analandira. Wolemba nchito ataitanidwa analibe buku loti atsutse nalo, ndipo nkhaniyo inatha tsiku lomwelo asanaweruke. Woyendera anali mmodzi yemweyo ndipo lamulo linali limodzi. Cosiyana cinali kabuku kaja.

Cifukwa cace ndikupempha inu abale anga a m'matauni, amene munapita ku sukulu, zinthu zitatu. Coyamba, mukapita kumudzi muwauze abale ogwira nchito kuti azipempha pepala la pangano, azisunga timapepala ta malipiro, ndipo azilemba masiku ao. Ngati sadziwa kulemba, mwana awalembere. Caciwiri, muwauze kuti kupita kwa a Leba si cipongwe kwa bwana, ndipo kulibe malipiro. Safunsa anadya phula. Cacitatu cikukhudza ife eni. Ambiri a ife tiri ndi mtsikana wolera ana kapena mnyamata wosamala pabwalo, kawirikawiri wocokera kumudzi komweko. Kuyambira 2011 Boma linaika malipiro ocepetsetsa a anchito a m'nyumba, koma woyendera safika pakhomo pathu. Ngati timlipira mwezi ukapitirira, kapena kumdula ndalama cifukwa ca mbale yosweka, kapena kumgwiritsa Lamlungu lomwe, tikucita zomwe zija kapitao anali kucitira agogo athu pokana kuconga tikiti.

Boma nalo liri ndi mbali yace. Mbiri yaonetsa kuti mu 1935 ndi mu 1940 linadikira mpaka mwazi utakhetsedwa. Kuno ku Mambwe sikufunika zazikuru: woyendera wokhala pafupi, galimoto yokhoza kulowa m'chire, ndi maulendo ocitika m'miyezi ya cilimwe pamene makampu ali otsegula ndipo anchito alipo. Agogo athu anayenda wapansi miyezi yathunthu kufuna malo amene munthu angalipidwe monga anapangana. Tsopano nchito yabwera pakhomo, ndipo nkoyenera kuti lamulo nalo lifike pakhomo pomwepo.